Gogodela, mfuti yodyela kukamwa, ndi anthu amene anali kuisula

Kumapeto kwa February aliyense, theka la Chipata limasamukila ku Mtenguleni. Timapanikizana m'maminibasi, timakweza mafoni m'mwamba, ndipo sabata yonse pa Facebook pamangooneka zikopa, zishango, zibonga ndi mikondo ya Nc'wala. Nafenso timapita, ndipo fumbi lija timabwela nalo m'tsitsi monyadila. Koma pali chida china chimene chinaumba mbili ya chigawo chino cha Kum'mawa mofanana ndi mkondo, chimene sichivinidwa pa bwalo lililonse. Dzina lake ni gogodela.

Ambili a ife amene tinakulila mu Kapata kapena mu Lusaka sitinaigwilepo. Gogodela ni mfuti imene imadyela kukamwa. Mfuti za masiku ano amaziika chipolopolo chokonzeka kale chakumbuyo, koma gogodela amaithila wonga kutsogolo kwa mpope, n'kuikapo chotsekela, n'kuponyamo chipolopolo, kenako n'kugogoda zonsezo ndi ndodo yachitsulo mpaka zitatsindika pansi. Dzinalo linachokela pa kugogodako. Ikalila kamodzi, utsi umaphimba munthu yense, ndipo kuti ilile kachiwili muyenela kuyambilanso zonse. Ngati njati sinagwe, nthawi imeneyo ni yokwanila kuti ikufikeni.

Chaka chatha tinali kujambula pulogilamu ya pa wailesi yokamba za nchito zamanja zimene zikutha. Titakamba ndi oumba mbiya ndi oluka mphasa, wina anatilozela kwa ambuya ena osula zitsulo, m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku Mfuwe. Dzina lawo ndi mudzi wawo sititchula, chifukwa ndi mmene tinapanganilana. Tinapita kukafunsa za makasu. Tinabwelako ndi nkhani ya mfuti, ndipo kuti tiimvetse tinayamba kufufuza kumbuyo, zaka 200 zapitazo.

Mfuti isanafike, chipala chinalipo kale. Achewa anali kusungunula miyala yachitsulo m'ng'anjo zadothi, ndipo makasu awo anali kugulitsidwa mpaka ku Tete. Msilikali wachipwitikizi António Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amalavi mu 1831 pa ulendo wopita kwa Mwata Kazembe, analemba za osula amenewa ndi mivukuto yawo. Izi n'zofunika kuzigwila, chifukwa mfuti itafika inapeza manja odziwa kale kuti chitsulo chikafiila motani ndiye chapsa, ndiponso kuti chikalila motani pansi pa nyundo ndiye kuti chili ndi mng'alu mkati.

Mfutizo zinabwela ndi malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Kum'mwela zinakwela ndi Achikunda, amene poyamba anali asilikali akapolo a m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi m'mbali mwa Zambezi, ndipo pambuyo pake anasanduka alenje a njovu oopedwa, oyenda kuchokela ku Tete ndi ku Zumbo kukwela mtsinje wa Luangwa. Kum'mawa zinabwela ndi Ayao ndi Aswahili kudzela kunyanja. Zambili zinali zosulidwa ku Birmingham ndi ku Liège mwadala kuti zikagulitsidwe mu Africa, zotchipa ndiponso zosalimba. Zina zinali zotayidwa ndi asilikali a ku Ulaya pamene iwo anasinthila ku mfuti zodyela kumbuyo cha m'ma 1860. Titelo kuti salaula sinayambe lelo: agogo athu anali kugula salaula ya mfuti.

Ndipo mfuti ya salaula imafa msanga. Sipuling'i imathyoka, mtengo umang'ambika, kachitsulo komenya moto kamatha. Munthu amene wapeleka mnyanga wathunthu kuti apeze mfuti sangaitaye chifukwa cha kachitsulo kamodzi, ndipo Birmingham ili kutali. Anali kupita nayo kuchipala. Apa ndiye panabadwila mmisili wa gogodela. Anayamba ndi kukonza, kenako kusula ziwalo zatsopano potengela zakale, ndipo pomalizila pake ena anafika popanga mfuti yathunthu. Ku Barue, kum'mwela kwa Zambezi, anthu a Makombe amene analimbana ndi Apwitikizi anali ndi malo awoawo okonzela mfuti ndi kupangila wonga. Mayiko a ku Ulaya atasainilana pangano la ku Brussels mu 1890, analetsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'mbali yaikulu ya Africa, koma anasiya khomo lotsegula la mfuti zakale ndi wonga wamba. Iwo anasunga zatsopano, ife anatisiyila zakale, ndipo zakalezo tinazidziwa mpaka m'matumbo.

Manje apa ndiye pali chinthu chimene chinatidabwitsa. Angoni, amene timawadziwa monga ankhondo oposa onse kuno, gogodela sanaikonde. Anawoloka Zambezi mu November 1835 ndi Zwangendaba, tsiku la kadamsana, ndipo gulu la Mpezeni linadzakhazikika m'mapili ano cha m'ma 1870. Mfuti anali kuzidziwa bwino, anali kuzilanda pankhondo, ndipo Carl Wiese, wamalonda wachijelemani amene anakhala kwa Mpezeni, anali nazo. Koma wolemba mbili Giacomo Macola, m'buku lake la mu 2016 lonena za mfuti pakati pa Africa, anaonetsa kuti kwa Angoni a Mpezeni ulemu wa mwamuna unali pa kupha mdani pafupi, ndi mkondo, anzake akuona. Kupha munthu uli patali, utabisala kuseli kwa linga, sikunali kupatsa munthu nthenga za ulemu. Mfuti inali chida cha anthu amene Angoni anali kuwathila nkhondo, Achewa ndi ena amene anali kumanga malinga ndi kuwombela m'mipata ya mitengo. Mwase wa ku Kasungu anali ndi mfuti zambili zogula ndi minyanga, ndipo Kasungu sinagonje kwa Angoni monga mmene midzi yambili ya kuno inagonjela.

Ndiye inafika January 1898. Kampani ya North Charterland, imene inagula chilolezo chimene Wiese anatenga kwa Mpezeni mu 1891, inali kufuna golide ndi malo. Asilikali anabwela kuchokela ku Nyasaland ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anatsogolela magulu ankhondo, ndipo m'masabata ochepa zonse zinatha. Nsingo anawombeledwa kuchiyambi kwa February, ng'ombe zoposa 10,000 zinalandidwa, Mpezeni anatengedwa ukaidi ndipo anamwalila mu 1900. Tisanamizane kuti gogodela ikanasintha zimenezi. Mfuti yolila kamodzi singaime pamaso pa Maxim imene imalavula zipolopolo mazana pa mphindi imodzi. Koma onani mmene kukumbukila kumayendela. Nc'wala itatsitsimutsidwa mu 1980, mkondo unabwelela pa bwalo ndi nyimbo zake, ndipo ku Feni kuli nyumba yosungilamo zakale ya dzina la Nsingo. Gogodela, chida cha agogo athu ena aja amene anali mkati mwa linga, inalowa m'thengo. Ndipo ambili a ife, tikafufuza bwino, magazi athu ali mbali zonse ziwili za linga lija.

Mu ulamulilo wa atsamunda, pamene tauni ino inali kutchedwa Fort Jameson, munthu wakuda wamba sanali kuloledwa mfuti yamakono mosavuta. Imene anali kuipeza ni gogodela, yolembetsa kuboma ndi kulipilila laisensi. Inasiya kukhala chida chankhondo, n'kukhala chida cha kumunda ndi cha ndiwo: kuthamangitsa njovu m'mapila, kupha nguluwe zokumba chinangwa, kubweletsa nyama pa malilo. Stuart Marks, amene anakhala pakati pa Abisa a ku Nabwalya m'chigwa cha Luangwa cha m'ma 1960 ndi kulemba buku la alenje awo mu 1976, anapeza gogodela ili pakati pa moyo wa mudzi, yoyendela limodzi ndi mankhwala, maloto ndi mizimu ya makolo, ndipo ulenje ukuchoka kwa akulu kupita kwa achinyamata a m'banja lomwelo.

Ambuya athu aja anakulila m'dziko limenelo. Anatiuza kuti anapelekedwa kwa amalume awo ali kamnyamata, ndipo kwa zaka ziwili kapena zitatu sanaloledwe kugwila nyundo. Nchito yawo inali kutentha malasha, kutunga madzi ndi kupukusa mvukuto wa chikopa cha mbuzi mpaka mapewa kuchita dzanzi. Amalumewo sanali kufotokoza kalikonse. Mwana anali kuphunzila ndi maso, ndipo akafunsa kwambili anali kutumidwa kukatola nkhuni. Atapatsidwa nyundo anayamba ndi mipeni, kenako nkhwangwa, kenako makasu. Mfuti inabwela pomalizila penipeni, ndiponso osati yathunthu. Choyamba anapatsidwa kusema mtengo wake, chifukwa ukalakwitsa mtengo umangotaya mlombwa, palibe amene afa. Kenako tizitsulo ta kunja. Sipuling'i ndiyo inali mayeso aakulu: ikauma kwambili imathyoka, ikafewa mfuti imakana kulila nyama ili patsogolo. Anati anaononga zambili asanapange imodzi imene amalume anaiyang'ana, n'kuiika m'thumba osakamba kanthu. Kusakamba kanthu kumeneko ndiye kunali satifiketi yawo.

Ife amene tinapita ku koleji tinaseka pamenepo, koma kuseka kwa manyazi pang'ono. Maphunzilo awo anatenga zaka zoposa za digili.

Mpope ndiwo unali pamtima pa nchito yonse, ndiponso ndiwo unali kupha anthu. M'nthawi ya amalume awo, mipope yambili inali yochotsa ku mfuti zakale za ku Ulaya: mtengo unali kusinthidwa kawili katatu, tizitsulo tonse tatsopano, koma mpope womwewo wa nthawi ya Achikunda. Mamotoka atachuluka, amisili anayamba kutola zitsulo za mamotoka akufa. Mpope wosalimba umaphulikila m'manja mwa mwini wake, ndipo m'midzi ya m'chigwa anthu opanda zala kapena diso limodzi chifukwa cha gogodela si achilendo. N'chifukwa chake mfuti yatsopano sanali kuiyesela paphewa. Anali kuimanga pamtengo, n'kuiliza ndi chingwe ataima patali. Ambuya anatambasula dzanja lawo lamanzele kuti tione. Chala chapakati n'chodukila pakati. Anati linali tsiku limodzi chabe limene anachita ulesi wofuna chingwe.

Panalinso miyambo. Monga mmene zinalili kung'anjo kalekale, mmisili anali kugona padela ndi mkazi wake pa masiku a nchito yaikulu, kuopa kuti munthu wotentha angaononge chitsulo. Mfuti ikayamba kuphonya kawilikawili, mlenje sanali kuthamangila kuchipala chabe, analinso kufunsa ngati kunyumba kuli bwino, ndipo mfutiyo inali kutsukidwa ndi mankhwala. Mungakambe kuti n'zikhulupililo chabe, koma zinali kuchititsa kuti mfuti isakhale chinthu chimene kamnyamata kalikonse kangatole n'kuthamanga nacho. Malipilo a mmisili anali nkhuku, mbuzi, kapena mwendo wa nyama yoyamba imene mfutiyo yapha. Mudzi wonse unali kudziwa kuti mfuti ili m'nyumba ya ndani, anaipanga ndani, ndipo yapha chiyani.

Zimenezi zinayamba kusweka pamene nyama inasanduka ndalama ndiponso mlandu pa nthawi imodzi. Mbali zina za chigwa cha Luangwa zinatsekedwa kale mu 1938 kukhala malo osungila nyama. Mu 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu zotsegula kampu ya alendo oona nyama, ndipo mu 1972 South Luangwa inakhala paki ya dziko. Kuwelenga kwa pa ndeke kwa mu 1973 kunapeza njovu pafupifupi 86,000 m'chigwa. Patangopita zaka ziwili mtengo wa kopa unagwa, nchito zinayamba kusowa, pamene mtengo wa minyanga ndi nyanga za chipembele kunja unali kukwela. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, njovu zoposa theka zinali zitatha. Chipembele chakuda chinathelatu, ndipo mu 1998 zinalengezedwa kuti mu Zambia mulibenso, mpaka pamene zina zinabweletsedwa ku North Luangwa kuchokela ku South Africa mu 2003.

Kodi tiimbe mlandu gogodela? Mbali yaikulu ya chionongeko chimenecho inachitika ndi magulu onyamula mfuti zankhondo monga AK-47, zimene zinasefukila m'chigawo chino cha Africa chifukwa cha nkhondo za m'mayiko oyandikana nafe, ndipo olemela nazo sanali a m'midzi. Koma sitingayeletse gogodela ngati kuti inali kungoopseza anyani. Inapha njovu, inapha njati ndi mbawala zosawelengeka zopita ku misika ya m'tauni, ndipo ena a ife tinadya nyama youma imeneyo osafunsa kumene yachokela. Ambuya sanabise. Anati m'zaka zimenezo anthu anayamba kubwela usiku, anthu osawadziwa, ndi ndalama m'manja, osati nkhuku. Sanali kufuna mfuti yokhalitsa kuti adzasiyile mphwawo. Anali kufuna yamsanga ndi yotchipa, yoti akaona magemu aitaye m'thengo n'kuthawa. Amisili ena amene sanapukusepo mvukuto kwa zaka anayamba kupanga za mtundu umenewo. Ambuya anapangako nawonso, ndipo pokamba zimenezi anayang'ana pansi.

Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act, silisiyanitsa mmisili wa luso ndi wongolumikiza mapaipi. Kupanga mfuti popanda chilolezo ni mlandu, kukhala nayo popanda laisensi ni mlandu, ndipo kupezeka nayo m'paki ni mlandu winanso pansi pa lamulo la nyama zakuthengo la mu 2015. Sitikutsutsa zimenezi. Mfuti yopanda nambala imene imapha njati ingaphenso munthu pa mkangano wa malile a munda, ndipo zotele timazimva m'nkhani. Chimene tikukamba n'chakuti luso likalowa mumdima, limaleka kuphunzitsidwa bwino, ndipo mbili yake imaleka kukambidwa. Palibe mdala amene angakhale pansi ndi adzukulu n'kuwafotokozela poyela za nchito imene ingamutengele kundende.

Njila ina inatseguka ndi COMACO, bungwe limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003, lija la chimponde, mpunga ndi uchi wa It's Wild! umene mumauona m'mashopu. Ganizo lake linali lakuti mlenje amene wapeleka mfuti ndi misampha aphunzitsidwe ulimi, kuweta njuchi kapena ukalipentala, ndipo zokolola zake zigulidwe pa mtengo wabwino. Mfuti zoposa 1,000 zapelekedwa mwa njila imeneyi, pamodzi ndi misampha ya waya masauzande ambilimbili. Tikaona zithunzi za milu ya mfuti zimenezo timaona kupambana kwa osamala nyama, ndipo n'zoona. Koma mukayang'anitsitsa mulu umodzi, mudzaona kuti palibe mfuti ziwili zofanana. Ina yamangidwa ndi chikopa, ina ndi waya wa kopa, ina ili ndi mikanda, ina mtengo wake wasalala ndi manja a mibadwo itatu. N'kutheka kuti m'milu yotele muli mipope imene inakwela Luangwa pa mapewa a Achikunda Mpezeni asanafike. Tikanakonda kuti zingapo mwa izo zisankhidwe, zitsekedwe kuti zisalilenso, n'kuikidwa m'nyumba yosungilamo zakale kuno kwathu, pambali pa mkondo, ndi mawu ofotokoza mudzi umene zinachokela.

Ambuya anasiya kupanga mfuti kalekale, mphwawo wina atamangidwa ndi mfuti yotuluka m'chipala chawo n'kukhala zaka m'ndende, ana ake akuvutika. Yawo anaipeleka kudzela kwa amfumu. Pa moyo wawo wonse anaphunzitsa anyamata asanu ndi mmodzi. Awili oyamba okha ndiwo anafika pa mfuti, ndipo onse awili anamwalila. Otsalawo anawalekezela pa makasu, nkhwangwa, mbaula ndi zitsulo za ngolo. Mmodzi ali mu Chipata muno, amawotchelela mafulemu a mawindo ndi kukonza njinga zonyamula anthu, ndipo makasitomala ake sadziwa kuti dzanja limene likuwongola foloko ya njinga yawo linaphunzila kwa munthu amene anali kupima mpope wa mfuti ndi diso.

Tinawafunsa ngati angalole kuti tijambule mawu awo akufotokoza mmene gogodela imapangidwila kuyambila poyamba mpaka pomaliza, kuti zisungidwe. Anakana. Anati adzukulu, za amalume, za mvukuto ndi za chala mungaulutse, koma zinazo zipita nawo kumanda, chifukwa wailesi imamvedwa ndi aliyense ndipo iwo sangaone nkhope ya amene akumvetsela. Tinayesa kuwanyengelela, koma anasintha nkhani n'kufunsa ngati ku Chipata mvula inagwa bwino.

Pamene tinali kulongedza, anaona kuti kachitsulo kogwila maikolofoni pa sitandi yathu n'kothyoka, ndipo tinali titakamanga ndi mphila wa chubu kwa miyezi itatu. Anakatenga, n'kukatembenuza kawili, n'kuitana kamdzukulu kawo kuti kapukuse mvukuto. Anafukula kachidutswa ka sipuling'i yakale m'chitini, n'kukaika pamoto, ndipo tinakhala chete kuonelela mmene anali kuyembekezela mtundu wa chitsulo, maso ali pamoto, dzanja la chala chodukalo litagwila mbanilo. Sipanathe theka la ola. Ndalama anakana, anangopempha mabatile awili a wailesi yawo. Sitandiyo tikuigwilitsabe nchito mu situdiyo mpaka lelo.